Mowa: N'chifukwa Chiyani Ena Amamwa N'kusiya Pamene Ena Umawagwira?

M'mudzi uliwonse kuno ku Mecanhelas, kuyambira ku Insaca mpaka ku Entre-Lagos ndi m'mbali mwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa, muli anthu awiri amene inu mukuwadziwa bwino. Onse anayamba kumwa ali anyamata, mwina pa ukwati umodzi womwewo. Woyamba amamwa chipanda chimodzi kapena ziwiri n'kunyamuka kupita kwawo, mawa lake mupeza ali kumunda. Wachiwiri akangolawa sabwerera kunyumba mpaka ndalama yonse ya matemba itatha. Anagulitsapo njinga, analumbirapo pamaso pa ankhoswe ndi pamaso pa amfumu kuti wasiya, koma sabata isanathe anali atabwerera kale kwa mayi wotcheza kachasu.

Tikamakamba za wachiwiriyu timati ndi wopanda nzeru. Ena amati achibale anamuchita chipongwe kuti asalemere. Enanso amati, "N'za kumtundu zimenezo, bambo akenso anali otero." Mawu omalizawa ali ndi choonadi ndithu, ngakhale kuti si choonadi chonse. Akatswiri oona za maganizo ndi ubongo akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zingakuthandizeni kudziwa amene ali pa ngozi m'banja mwanu komanso chochita naye. Nkhaniyi si yaing'ono. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la chaka cha 2024 linanena kuti m'chaka cha 2019 mowa unachititsa imfa za anthu pafupifupi 2.6 miliyoni.

Kodi za kumtundu n'chiyani kwenikweni?

Thupi lanu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'kati mwa maselo muli kanthu konga ulusi wautali wopindapinda kamene akatswiri amakatcha DNA. Pa ulusi umenewu pali malangizo pafupifupi 20,000 ouza thupi mmene lizikulira ndi mmene lizigwirira ntchito. Theka la malangizowa munalandira kwa amayi anu ndipo theka lina kwa abambo anu. Mabuku ena a Chichewa amawatcha majini, koma kwathu kuno munthu akamva majini amaganiza za mizimu, choncho ife tizingonena kuti malangizo a chibadwa. Alibe chochita ndi mizimu. Ndi amene amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya agogo ake kapena msinkhu wa amalume ake.

Koma tingadziwe bwanji kuti mwana wa chidakwa amamwa chifukwa cha magazi, osati chifukwa choti anakula akuona bambo ake akumwa? Funso limeneli ndi lovuta, chifukwa mwana amalandira zonse ziwiri kwa makolo omwewo, magazi ndi maleredwe. Dokotala wina wa ku America, Donald Goodwin, anapeza njira yozilekanitsira. M'dziko la Denmark boma limasunga bwino zikalata za ana amene anatengedwa ali makanda n'kukaleredwa ndi banja lina losakhala pachibale. Iye ndi anzake anafufuza amuna amene analeredwa motero, ndipo mu 1973 anafalitsa zimene anapeza. Mwa amuna amene kholo lawo lowabereka linali chidakwa, 18 mwa 100 alionse anadzakhala zidakwa, ngakhale kuti kholo limenelo sanakule nalo. Mwa amuna amene makolo awo owabereka sanali zidakwa, anali 5 okha mwa 100.

Akatswiri ena anafufuza mapasa. Mapasa ofanana kwambiri aja, amene ngakhale aneba amawasokoneza, amakhala ndi malangizo a chibadwa ofanana pafupifupi onse, pamene mapasa osafanana amangofanana ngati mmene amafananira ana ena onse a mimba imodzi. Zinaoneka kuti mmodzi wa mapasa ofanana akagwidwa ndi mowa, mnzakenso amagwidwa kawirikawiri kuposa mmene zimakhalira pa mapasa osafanana. Ataphatikiza kafukufuku wa mitundu iwiriyi, akatswiri amanena kuti pafupifupi theka la kusiyana kwa anthu pa nkhani ya uchidakwa limachokera ku chibadwa. Theka linalo limachokera ku zimene munthu wakumana nazo, monga anzake, mavuto, msinkhu umene anayambira kumwa ndiponso ngati mowa uli pafupi ndi wotsika mtengo.

Taonaninso nambala ija ya ku Denmark. Ngati 18 anagwidwa, ndiye kuti 82 mwa ana 100 a zidakwa sanagwidwe. Palibe langizo limodzi la uchidakwa limene munthu akabadwa nalo basi zake zada. Pali timalangizo tambirimbiri, kalikonse kongokankhira pang'ono. Ndipo munthu amene sanalawepo mowa, monga abale athu ambiri achisilamu ndi a mipingo yoletsa kumwa, sangakhale chidakwa ngakhale atabadwa ndi timalangizo tonseto. Zili ngati dambo lachonde: ngati mbewu sinagwerepo, palibe chimene chimera.

Pali langizo lina limene ntchito yake imaoneka poyera. Mowa ukalowa m'thupi, chiwindi chimausandutsa kanthu kena ka poizoni kotchedwa acetaldehyde, kenako chimasandutsanso poizoniyo kukhala chinthu chosaopsa. Ku China, Japan ndi Korea, munthu mmodzi mwa atatu alionse anabadwa ndi chiwindi chochedwa kuchotsa poizoni ameneyu. Akangomwa pang'ono nkhope imatentha n'kufiira, mtima umathamanga, amachita nseru. Anthu oterewa sakhala zidakwa kawirikawiri. Si kuti ndi olimba mtima kuposa anzawo ayi, koma thupi lawo limawalanga asanafike patali.

Mutu wolimba si mwayi

Apa ndi pamene tikufuna kuti achinyamata mumvetsetse. Pa mowa timatamanda munthu amene amamwa botolo lonse koma akuyenda mowongoka. Timati ali ndi mutu wolimba, ndipo timaseka amene waledzera ndi kapu imodzi. Zimene anapeza dokotala Marc Schuckit ku San Diego, ku America, zikusonyeza kuti timatamanda munthu wolakwika.

Iye anatenga anyamata a zaka za m'ma 20, n'kuwapatsa mowa wofanana muyezo, n'kuyeza mmene akudzandirira ndi mmene akumvera m'mutu. Patapita zaka pafupifupi 10 anawafunafuna kuti aone mmene moyo wawo ukuyendera, ndipo mu 1994 anafalitsa zotsatira. Mwa ana a zidakwa amene mowa sunkawagwira msanga, 56 mwa 100 anali atasanduka zidakwa. Mwa ana a zidakwa amene ankaledzera msanga, anali 14 mwa 100. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Woledzera msanga thupi limamuuza kuti basi zakwana. Wa mutu wolimba alibe womuuza, ndiye amamwa wambiri kuti amve zimene anzake amva kale, ndipo ubongo ndi chiwindi zimalandira mowa wonsewo kaya iye akudzandira kapena ayi. Choncho ngati bambo kapena mayi anu anavutika ndi mowa, ndipo inu mwaona kuti mumamwa osaledzera, dziwani kuti ndinu amene muli pa ngozi yaikulu pagulu lonselo.

Chimachitika n'chiyani mu ubongo?

Ubongo uli ndi maselo otumiza mauthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni, malinga ndi kuwerenga kwa katswiri wa ku Brazil, Suzana Herculano-Houzel. Maselo amenewa sagundana. Pakati pa selo ndi linzake pali kampata kakang'ono, ndipo uthenga umawoloka kampatako ndi timadzi tapadera timene ubongo umapanga wokha, monga mmene bwato limawolotsera munthu pa mtsinje. Timadzi timeneti tilipo tamitundumitundu. Kukondwa, mantha, tulo, mkwiyo ndi chilakolako, zonsezi zimadutsa m'timadzi timeneti. Mowa, fodya ndi chamba zimagwira munthu chifukwa zimakalowerera pa madoko amenewa.

Mu 1954 ku Montreal, m'dziko la Canada, James Olds ndi Peter Milner analowetsa kawaya kakang'ono m'kati mwa ubongo wa khoswe. Anakonza kuti khosweyo akaponda kachitsulo, kamphamvu kochepa ka magetsi kazifika pamalo amenewo. Khoswe uja anayamba kuponda mosalekeza. Pa kafukufuku wotsatira makoswe ena ankaponda koposa ka 1,000 pa ola limodzi, ndipo ena ankasiya chakudya ali ndi njala kuti azingoponda. Akatswiriwa anali atapeza njira ya mu ubongo imene imauza nyama kuti, "Chimene wachitachi chibwereze." Ifenso tili nayo njira imeneyi, ndipo timadzi tofunika kwambiri pa njirayi timatchedwa dopamine. Ntchito yake yeniyeni ndi yabwino. Ndi imene imakudzutsani kuti mukafune chakudya, madzi ndi banja. Mowa umatsegula njira yomweyi popanda munthu kulima kapena kuvuula khoka.

M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz ku Switzerland anapeza chinthu china chimene chimafotokoza bwino za m'bale wathu wolumbira uja. Iye ankapatsa apusi madzi a zipatso uku akuyeza maselo a dopamine. Poyamba maselowo ankadzuka madziwo akafika m'kamwa. Kenako anayamba kuyatsa kanyali asanapereke madziwo. Apusi aja atazolowera, maselo awo anayamba kudzuka pongoona kanyali, madzi asanafike n'komwe. Ubongo unali utaphunzira chizindikiro.

Kwa munthu womwa, kanyali kameneka ndi fungo la gaga wowira kuseri kwa nyumba ina, nyimbo za pa baraka, anzake a nthawi zonse, tsiku la msika, kapena ndalama imene yangolowa m'thumba atagulitsa nsomba kapena mpunga. Msodzi amatha kukhala milungu iwiri pa zimbowera pakati pa nyanja osaganiza kwambiri za mowa, koma akangoponda pa doko ndalama ili m'manja, chibaba chimamugwira ngati moto. Pamene ankalumbira kwa ankhoswe sankanama. Panalibe kanyali pamenepo. Ndipo akatswiri apeza kuti kufuna chinthu ndi kukondwa nacho n'zosiyana mu ubongo. N'chifukwa chake mumamva chidakwa chenicheni chikunena kuti mowa sukuchikomeranso, koma sichingathe kukhala osamwa. Ambiri timaganiza kuti akutinamiza, koma nthawi zambiri amakhala akunena zoona.

Nanga ubongo unakhaliranji wotere?

Akatswiri a sayansi amafotokoza kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono pa mibadwo yambiri. Charles Darwin ndi amene anafotokoza mmene zimachitikira, m'buku lake la mu 1859. Pa zamoyo za mtundu umodzi pamakhala kusiyana. Zimene zili ndi chibadwa chozithandiza kupulumuka zimabereka ana ambiri, ndipo patapita nthawi chibadwa chimenecho chimafala. Tikudziwa kuti nkhaniyi ena amaiona mosiyana chifukwa cha chikhulupiriro chawo, koma chitsanzo chake chaching'ono akuluakulu kuno anachiona ndi maso. Kale malungo ankachira ndi cloroquina. Tizilombo tochepa timene tinali ndi chibadwa chopirira mankhwalawo tinapulumuka n'kuswana, mpaka mankhwalawo anasiya kugwira ntchito. Mu 1993 dziko la Malawi linasiya kuwagwiritsa ntchito ngati mankhwala oyamba a malungo n'kuyamba Fansidar. Tizilombo timasintha m'zaka zochepa chifukwa timaswana msanga. Kwa anthu zimatenga zaka masauzande ngakhale mamiliyoni.

Tsono taganizirani za mango kapena masuku amene agwa pansi n'kupsa kwambiri. Amayamba kununkha ngati mowa, ndipo ndi mowadi, wochepa kwambiri, umene umapangika shuga wa m'chipatso akayamba kuwira. Katswiri wina, Robert Dudley, anapereka maganizo akuti kwa makolo athu akalekale amene ankadalira zipatso za m'nkhalango, fungo limeneli linali chizindikiro cha chakudya chopatsa mphamvu. Amene ankalikonda ankapeza chakudya msanga kuposa anzake. Mu 2015 Matthew Carrigan ndi anzake anaonjezera umboni. Anapeza kuti zaka pafupifupi 10 miliyoni zapitazo, langizo lina la chibadwa linasintha mwa kholo la anthu ndi anyani akuluakulu a mu Africa, ndipo kusinthako kunachititsa kuti kachipangizo kena ka m'thupi kogaya mowa kazigwira ntchito mwamphamvu kuwirikiza ka 40. Imeneyi ndi nthawi imene akatswiri amati makolo amenewo anayamba kukhala kwambiri pansi, pamene pamagwera zipatso zakupsa. Chaka chomwecho akatswiri ena analemba za achimpanzi a ku Bossou, m'dziko la Guinea, amene amatafuna masamba n'kumaviika m'zotengera zimene anthu amatchera uchema pa mitengo ya kanjedza, n'kumayamwa.

Vuto ndi lakuti thupi limeneli linazolowera mowa wochepa wa m'chipatso, umene umabwera pamodzi ndi chakudya ndipo umatha nyengo ya zipatso ikatha. Kufulula mowa kunayamba zaka masauzande angapo zapitazo. Mbiya zakale kwambiri zokhala ndi zizindikiro za mowa zimene zinapezeka ku Jiahu, ku China, ndi za zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Kutcheza ndiye kwadzulodzulo, zaka mazana chabe, ndipo ngakhale dzina lakuti kachasu likufanana ndi cachaça wa Chipwitikizi. Mowa wa m'mabotolo wa masiku onse umakhala ndi mphamvu ya 5 pa 100. Mowa wotcheza wa m'sitolo umakhala pa 40, ndipo kachasu woyamba kudontha amatha kupitirira pamenepo, popanda chikalata chokuuzani. Ubongo umene unaphunzira kusaka masuku ndi womwewo umene lero ukupeza kachasu pafupi, chaka chonse, pa mtengo wotsika. Mibadwo yapitapo sinakwane kuti thupi lizolowere zimenezi.

Za ana ndi achinyamata

Kuseri kwa chipumi chanu kuli mbali ya ubongo imene imaganiza za mawa, kuyeza zinthu ndi kuletsa. Madokotala anayamba kuzindikira ntchito yake chifukwa cha ngozi ya pa njanji. Pa 13 September 1848, ku Vermont m'dziko la America, kapitawo wa anthu okonza njanji dzina lake Phineas Gage ankatsendera onga m'thanthwe. Ongawo unaphulika, ndipo chitsulo chimene anagwira chinalowa patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe, anakhala ndi moyo mpaka 1860. Ankayenda ndi kuyankhula bwinobwino, koma dokotala wake analemba kuti munthu amene anali wodalirika uja anasanduka wotukwana, wosaleza mtima ndi wosakhazikika pa chimene wapangana. Chitsulo chinali chitaononga mbali yoletsa ija.

Mbali imeneyi ndi yomalizira kukhwima, ndipo imakhwima munthu akamafika zaka za m'ma 25. Njira ya chilakolako ija imakhala itayamba kale kugwira ntchito mwamphamvu mwana akangotha msinkhu. Mowa ukalowa pa nthawi imeneyi umapeza chilakolako chili maso koma woletsa asanakule. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 1997 anapeza kuti mwa anthu amene anayamba kumwa ali ndi zaka 14 kapena kucheperapo, oposa 40 mwa 100 anadzagwidwa ndi mowa nthawi ina pa moyo wawo, pamene mwa amene anayamba ali ndi zaka 20 kapena kuposerapo anali pafupifupi 10 mwa 100. Inu makolo amene mumatuma mwana kukagula kachasu, kapena kumupatsa zotsala m'kapu kuti agone msanga, taziganizirani nambala zimenezi. Kungochedwetsa chabe tsiku limene mwana adzalawe koyamba n'chitetezo chachikulu, makamaka m'banja limene muli kale womwa. Inunso amayi oyembekezera, mowa umene mwamwa umafika kwa mwana m'mimba ndipo umatha kuononga ubongo wake kwa moyo wonse.

Mavuto nawo amakankhira. Akuluakulu ambiri a m'dera lino anakula nthawi ya nkhondo imene inatha ndi mgwirizano wa ku Roma pa 4 October 1992, ndipo ambiri anathawira ku Malawi ali ana. Munthu amene anaona zoopsa amatha kukhala ndi ubongo wosakhazikika, wodzidzimuka msanga ndi wosowa tulo, ndipo mowa umamupatsa mpumulo wa maola ochepa. Chimodzimodzi nyanja ya Chilwa ikauma, monga mu 1995 ndi mu 2018, abambo ambiri amasowa chochita ndi chodyetsa ana. Amene amamwa pofuna kuiwala amafunika thandizo pa chimene akuthawacho, osati pa mowa pokha.

Chenjezo: womwa kwambiri asasiye yekha mwadzidzidzi

Mbali iyi muiwerengere ngakhale amene sadziwa kuwerenga, chifukwa ingapulumutse moyo. Ubongo uli ngati njinga yamoto, uli ndi buleki komanso chopereka moto. Timadzi totchedwa GABA ndiye buleki, ndipo totchedwa glutamate ndiye topereka moto. Mowa umaponda buleki n'kuchepetsa moto, n'chifukwa chake woledzera amalankhula mokoka, amadzandira, kenako n'kugona. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umadziteteza pofooketsa buleki yake ndi kuonjezera moto kuti uziyendabe. Apa ndi pamene botolo limodzi limasiya kukwana. Tsiku limene mowa wasowa mwadzidzidzi, ubongo umatsala ndi moto wambiri ndi buleki yofooka.

Zizindikiro zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza. Manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga, munthu amasanza ndipo tulo sabwera. M'masiku awiri oyamba ena amagwa n'kuphupha ngati wa khunyu. Pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka mutu kotheratu, thupi limatentha, sazindikira achibale, amaona njoka kapena tizilombo tikuyenda pakhoma, amamva mawu a anthu amene palibe. Pamenepa mabanja ambiri amati afiti amubwerera, n'kumumanga zingwe kapena kupita naye kwa sing'anga. Si ufiti. Ndi matenda odziwika, ndipo popanda thandizo munthu amatha kufa. Kawirikawiri zimachitika munthu akadwala malungo n'kulephera kupita komwera, akatsekeredwa m'chitokosi, kapena akasiya chifukwa cholumbira kutchalitchi. Kufuna kusiya n'kwabwino, choopsa n'kusiya popanda wachipatala.

Muzindikira bwanji kuti m'bale wanu wafika pamenepa? Ngati amanjenjemera m'mawa ndipo kunjenjemerako kumatha akangomwa, kapena ngati anakomokapo nthawi ina atasiya, pitani naye ku Centro de Saúde asanasiye. Achipatala ali ndi mankhwala monga diazepam amene amagwira buleki ija kwa masiku ochepa mpaka ubongo utakhazikika, komanso vitamini B1 amene womwa kwambiri amasowa, ndipo kusowa kwake kumaononga chikumbumtima cha zinthu mpaka munthu kumaiwala zimene zachitika m'mawa womwewo. Musagule diazepam pamsika n'kumupatsa nokha, chifukwa akaphatikizana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma. Akagwa n'kumaphupha, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Akasiya, chotsatira n'chiyani?

Ubongo umachira, ngakhale si msanga. Kunjenjemera kumatha m'sabata imodzi, koma tulo ndi mtima wokondwa zimatha kutenga miyezi kuti zibwerere, ndipo zizindikiro zija ubongo suziiwala msanga. Choncho musadalire kulumbira. Chotsani kanyali. Ngati njira ya kunyumba imadutsa pa baraka, adzere njira ina ngakhale ikhale yotalika. Ndalama ya nsomba kapena ya mbewu alandire ali ndi munthu wina amene iye mwini wamusankha, ndipo isagone m'thumba mwake. Madzulo, nthawi imene ankamwa, pakhale chochita ndi anthu ocheza nawo amene samwa. Akapunthwa n'kumwanso, zimenezi zimachitika kwa ambiri, ndipo ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Mubwerere naye kuchipatala m'malo momuchititsa manyazi pagulu, chifukwa manyazi ndi amene amamubwezera komwera.

Komabe tisamvane molakwa. Kudziwa kuti uchidakwa ndi matenda sikukutanthauza kuti mayi azipirira kumenyedwa, kapena kuti ana azigona ndi njala chifukwa bambo akudwala. Chibadwa chimafotokoza chifukwa chimene kusiya kumamuvutira munthu, koma sichimuchotsera mlandu akamenya. Dziko la Mozambique lili ndi lamulo la chaka cha 2009 loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, ndipo wochitiridwa nkhanza ali ndi ufulu wokadandaula ku polisi kaya womenyayo anali ataledzera kapena ayi.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, unduna wa zaumoyo wakhala ukuphunzitsa anthu otchedwa técnico de psiquiatria, amene amathandiza za khunyu, matenda a maganizo ndi mavuto a mowa m'zipatala za m'maboma. Mukafika kuchipatala ku Insaca funsani kuti muonane ndi woona za maganizo, ndipo ngati vuto ndi lalikulu akutumizani ku Cuamba. Abale athu a tsidya la Nayuchi ayambire pa chipatala cha pafupi, chimene chingawatumize ku chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde kapena ku Zomba Mental Hospital. Mukalowa m'chipinda, nenani zoona zokhazokha: amamwa mowa wanji, mabotolo angati pa tsiku, anamwa komaliza liti, anakomokapo kale kapena ayi, ndiponso ngati kumtundu kwawo kuli ena amene anavutika ndi mowa. Ngati akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, tengani khadi lake, chifukwa mankhwala amenewa amadutsanso m'chiwindi chomwecho ndipo wachipatala ayenera kudziwa asanamulembere ena.